Podutsa Pachete

Achimwene anga a Behram anapita kutauni kukazulitsa dzino pa tsiku loti ngakhale galu sakanalola kutuluka m'khola la nkhosa. Ndinawaletsa. Mkazi wawo, alamu anga a Perihan, anawaletsanso. Koma kuwaletsa chinthu achimwene kunali kungowapatsa poyambira nkhani, ndipo nkhani zawo zinalibe pothera. Munthu uja ankalankhula pakudya, ankalankhula pokokola padenga chipale chofewa, madzi oundana oyera aja amene amagwa ngati ufa kwathu m'nyengo yozizira, ngakhale mu mzikiti ankapeza mpata wonong'oneza woyandikana naye. Ine ndinabadwa pambuyo pawo, ndinapeza mawu onse a pabanja pathu atawamaliza kale, ndiye ndinangokula wosalankhulalankhula, wa mtima wapachala.

"Sabata yathunthu osaona tulo, iwe Sidki," anandiuza m'mawa umenewo akumanga nsapato pakhomo, tsaya litatupa ngati abisamo dzira. "Dzino limeneli likundiimbira ng'oma mpaka m'khutu."

"Ndi timibulu ta shuga timene mumaluma pomwa tiyi. Khalani apa ndikuzuleni ndi chozulira misomali, zithere pompano."

"Iweyo? Unazula dzino la bulu wa a Hamo, mpaka lero bulu uja akakuona amakulozetsa matako."

"Taonani kumwambaku, bambo a Zozan," anatero alamu. "Mitambo yakhala kale paphiri."

"Mitambo imeneyo tinadziwana kalekale. Ndikhala nditabwera isanaganize zochita."

Anatsika njira akulankhulabe, ife osamvanso zimene ankanena.

Msewu wa kumudzi kwathu umatsekeka chipale chikangoyamba kugwa, ndipo sutseguka mpaka nkhosa zitaswa. Wofuna kutauni amatsika wapansi maola awiri kukafika pamphambano, pamene minibasi imaima pa kanyumba ka tiyi ka Resho. Pobwera ndi chimodzimodzi, koma chokwera. Masana dzuwa lili pamutu achimwene anaimba foni ali pamphambanopo. Ndinali kwawo, ndikuwakokolera chipale padenga popeza eni ake anali ndi za mano, ndipo alamu anandiitana kuti nditsike ndilankhule nawo. Mphepo inali itayamba kale kutola chipale pansi ndi kuchimwaza m'maso.

"Gonani pomwepo, achimwene. Kuno kwayamba."

"Ndigone pa benchi ya Resho, nsikidzi zindimalize? Kuno kukungowaza." Mawu ankamveka ngati akulankhulira mu mtolo wa ubweya, chifukwa cha thonje limene anawaika m'kamwa. "Dzinolo ndalitenga, lili m'thumba, udzalione. Mizu itatu! Dokotala mpaka anaitana mnzake. Ndagulanso malalanje a adzukulu. Uwauze mayi a Zozan ateleke tiyi."

"Ndikuti gonani pomwepo!"

"Ukuchita kukalipa ngati ndiwe wamkulu."

Foni inaduka. Ndinatukwana mawu amene sindingawabwereze pano, alamu n'kukhala ngati sanamve.

Pasanathe ola, nyumba ya moyandikana nayo inasowa. Sindikunena mokokomeza. Ndinaima pakhomo ndi kutambasula dzanja, zala zanga zinkaoneka mwa apo ndi apo, kupitirira apo kunali mbuu. Mphepo inkalira m'chumuni, utsi wa ndowe zouma unkabwerera m'nyumba, nkhosa zili phee m'khola. Tiyi anawira, anapola, anawiranso. Nditaimbira Resho anati achimwene ananyamuka atangomaliza kulankhula nane, ndipo anawagwira malaya koma anangomusiyira nthabwala. Foni yawo sinkalowa. M'chigwa chimene njirayo imadutsa foni sigwira ngakhale m'chilimwe.

Tinasonkhana amuna asanu ndi awiri, onse eni mabanja. Patsogolo panali a Hamo, nkhalamba yotsimphina imene yayenda njira imeneyi kuyambira ife tisanamere mano. Tinatenga chingwe, ndodo zazitali zobayira m'chipale, mabulangete ndi chileyi chaching'ono chokokera munthu. Alamu sanalire. Anandipatsa masokosi awiri a ubweya, akutenthabe chifukwa anawasunga pafupi ndi moto.

"Alamu, mapazi awo sachedwa kuzizira," anatero. "Mukangowapeza muyambe mapazi."

Pakatikati pa njirayo pali malo amene timawatcha Pachete. Njira imadutsa m'nthiti mwa phiri, kumtunda kuli chitsetse chopanda mtengo ndi umodzi womwe, kumunsi kuli mtsinje. Ndi ulendo wa theka la ola. M'nthawi ya agogo athu chipale chinagumuka pamenepo ndi kukwirira gulu la ukwati, anthu khumi ndi anayi, mkwatibwi ndi woimba ng'oma yemwe. Kuyambira pamenepo palibe amatsegula pakamwa podutsa Pachete m'nyengo yozizira. Abulu timawavula mabelu. Agalu timawasiya kumudzi. Wa chifuwa amatsokomolera m'chipewa, mwana wakhanda amamupatsiratu bere. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti mawu amagwetsa chipale asanadziwe kuwerenga zala zake. Ngakhale achimwene ankamvera lamulo limeneli. Ankaluma mpango wawo njira yonse, ndipo anthu ankawaseka kuti Pachete ndi malo okhawo amene mkazi wawo amapumira makutu.

Kuchokera kumudzi tinkakuwa dzina lawo mosinthana mpaka kukhosi kunauma. Chipale chinkafika m'chiuno. Titafika pa chimwala chimene chimasonyeza poyambira Pachete, a Hamo anakweza ndodo, tonse n'kuti zii. Tinatalikirana pa chingwe, aliyense mapazi khumi kumbuyo kwa mnzake, ndi kulowa.

Phiri linatchinga mphepo. Chipale chinkangotsika chowongoka, chambiri, mopanda phokoso, ndipo ndinkaona msana wa munthu wa patsogolo panga basi. Zimene zinkamveka ndi kuphwanyika kwa chipale pansi pa nsapato ndi kupuma kwathu. Mapazi a munthu wodutsa kale panalibe, zonse zinali zitafafanizika. Ndinkabaya ndodo kumanja, kumanzere, ndikumva miyala yokhayokha. Dzina lawo linali pakhosi panga, likukankha kuti lituluke. Ndinaliletsa. Ndinayang'ana kumtunda kumene sindinkaona kanthu, ndinaganiza za katundu yense wa chipale amene anali atapachikika pamwamba pathu, ndinaganiza za ana a anthu asanu ndi mmodzi amene anabwera chifukwa cha m'bale wanga, ndipo ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi. Ndinkaopa, ndiponso ndisabise, ndinkadzitama mumtima kuti ndine mwamuna wodziwa kudzigwira.

Titatuluka mbali inayo, kuseri kwa khona la thanthwe, mphepo inatilandira ndi mbama. Tinayambanso kukuwa. Tinatsika mpaka pa kamlatho pamene foni imagwira, ndipo titamuimbira Resho anati achimwene sanabwerere. Anati waimbira a boma opulumutsa anthu, koma msewu waukulu nawo watsekeka, sangafike kusanache.

"Tibwerere," anatero a Hamo. "Kukada tili kuno, mawa adzafuna anthu asanu ndi atatu."

"Bwererani inuyo, ine ndikutsala."

"Utsale uchite chiyani? Ukumbe phiri ndi zala? Gwira chingwe, mwana iwe, usandiyese dala."

Ndili ndi imvi, koma ndinagwira chingwe. Tinadutsanso Pachete kuli chisisira, mwakachetechete monga poyamba. Tinafika kumudzi ndevu zitauma ngati timitengo. Alamu anali pakhomo ndi nyali. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, anayang'ana chileyi chopanda kanthu, kenako analandira masokosi aja ndi kukawaikanso pafupi ndi moto.

Kunacha kuli mbee, kopanda ngakhale kamtambo, ngati dzulo lake sikunachitike kanthu. Kuwala kunkabaya m'maso. Tinanyamukanso ife omwe aja, masokosi aja ali m'thumba mwanga. Tikuyandikira chimwala chija, a Hamo asanakweze n'komwe ndodo, tinamva chinthu chimene sindinamvepo pamalo amenewo chibadwire. Wezulo. Kenako galu kuuwa. Kenako mawu a munthu pa chimkuzamawu, akugunda m'phiri ndi kubwerera: "Behram! Behram!"

Anali anthu a boma aja, ovala zowala ngati malalanje, akubwera kuchokera kumunsi, ali pakati penipeni pa Pachete. Tonse tinayang'ana kumtunda, tikudikira kuti chitsetse chonse chitsike ndi kuwameza ife tikuona. Mmodzi mwa ife anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Wezulo inaliranso. Phiri linangokhala momwe linalili.

A Hamo anathamanga, ngati kutsimphina m'chipale chofika m'ntchafu kungatchedwe kuthamanga, ife pambuyo. Atamupeza mkulu wa gululo, bambo wamtali wa magalasi akuda dzina lake Tuncay, anamutsomphola wezulo pakamwa.

"Mwapenga?" ananong'ona, maso ali psuu. "Mukufuna kutiphera limodzi? Amene anakutumani sanakuuzeni kuti pano ndi pati?"

"Pepani bambo, sindikukumvani," anayankha Tuncay mokweza, ngati ali pamsika. "Mukuti chiyani?"

Asanayankhane zambiri, galu uja anatsetserekera kumunsi kwa njira ndi kuyamba kukumba pansi pa kathanthwe kotulukira kunja. Kuchokera panjira kufika pamenepo sipankakwana mapazi khumi ndi asanu. Potsika, phazi langa linakola chinthu chofewa m'mphepete mwenimweni mwa njira. Chinali chipewa cha achimwene. Ndinachiika m'malaya osachiganizira kwambiri.

Anali atakhala tsonga, msana utatsamira thanthwe, chipale chitawakwirira mpaka pachifuwa. Mwendo wamanzere unali utapindikira kumene mwendo supindikira. Nkhope inali yotuwa, nsidze ndi ndevu zili ayezi yekhayekha, thumba la malalanje lili pamiyendo, malalanjewo atauma gwa ngati miyala. Ndinadziwa kuti afa. Koma mayi wina wa m'gululo anaika zala pakhosi pawo nthawi yaitali, n'kunena kuti mtima ulipo, wakutali koma ulipo. Ndinatulutsa masokosi. Mayiyo anandigwira dzanja, nati mapazi amenewo ndisawakhudze.

Pamene ankawakulunga ndi kuwamangirira pa machira, a Hamo anabwereranso kwa Tuncay, akunong'onabe. Munthuyo anawamvetsera mpaka kumapeto. Sanaseke, ndipo bwenzi zili bwino akanaseka, ndikanapeza pomudera.

"Bambo, ndamva zimenezi m'midzi yambiri, ndipo sindikukunyozani," anatero. "Malo ano ndi oopsadi, n'chifukwa chake tikufulumira dzuwa lisanatenthe. Koma mawu a munthu sagwetsa chipale. Anthu anayesa, anakuwa, analiza zinthu zaphokoso kuposa wezulo iyi. Chimagwa chifukwa cha kulemera kwake, kapena mphepo, kapena kutentha, kapena munthu akachiponda pamalo pofooka."

"Nanga ukwati uja? Anthu khumi ndi anayi?"

"Anali ndi akavalo?"

"Ukwati wopanda akavalo unauonapo kuti?"

"Ndiye mwina ndi mapazi awo, bambo. Osati ng'oma."

A Hamo analavula pansi ndi kutembenuka. Ine ndinaima pomwepo. Ndiye kuti dzulo ndikanatha kukuwa. Koma ndinadzitonthoza msanga. Munthu wagwa kuchokera panjira, wathyoka mwendo, wamenyetsa mutu, ndithu anakomoka pomwepo. Ndikanakuwa, akanandimva ndani?

Anawatengera ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Van. Ine ndi alamu tinawatsatira tsiku lomwelo. Madokotala anadula miyendo yonse iwiri m'munsi mwa mawondo, ndi zala zitatu za kudzanja lamanja, ndipo anatiuza poyera kuti vuto lalikulu si limenelo koma mapapo, chibayo chinali chitawagwira mbali zonse. Masiku awiri sanatsegule maso. Tinkakhala pa benchi ya pakhonde, tikudya buledi ndi tchizi zimene alamu anamanga pa nsalu. Pa benchi pomwepo ndinawafotokozera za wezulo ndi zimene Tuncay ananena. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinkafuna wina andithandize kukwiya. Iwo anangomvetsera, n'kupinda nsalu ija bwinobwino.

Tsiku lachitatu masana namwino anatiitana, nati adzuka ndipo akusokosera.

Anali ang'ono pabedi paja. Bulangete linkathera pamene silinayenera kuthera. Kapaipi ka mpweya kanali m'mphuno, milomo itang'ambika, koma maso anali awo omwe aja.

"Mayi a Zozan," anatero ndi mawu okhala ngati akukhula mwala, "tiyi uja wapola?"

Alamu anagwira pakamwa ndi mpango.

"Dzino langa alitaya anthu awa. Ndawafunsa, akuti sakulidziwa. Miyendo atenga, ndi dzino lomwe. Anthu a m'tauni!" Anatsokomola nthawi yaitali, kenako ananditembenukira. "Iwe Sidki, usiye fodya."

"Mwayamba."

"Ndikunena zoona. Umapuma ngati mvukuto wobooka. Ndinakudziwa usanafike n'komwe. Patsogolo a Hamo, kukoka mwendo wawo uja, khwee, khwee. Iwe unali wachinayi."

Ndinali wachinayi. Ndinagwira chitsulo cha bedi.

"Munatimva?"

"Ndikanalephera bwanji? Ndodo yako inagogoda thanthwe limene ndinakhala pansi pake. Kawiri konse, popita ndi pobwera." Anapuma pang'ono. "Ndinaponya chipewa, koma chipewa chikagwa m'chipale chimalira? Malalanje ndinayesa, zala zinakana kumasula thumba. Ndinanong'ona dzina lako. Ndinati mwina magazi amvana."

"Bwanji simunakuwe?" Mawu anga anatuluka okalipa, ngati ndikukalipira mwana.

"Funso lanji limenelo? Ndikuwe Pachete, anthu asanu ndi awiri ali pa chingwe pamwamba panga? Ndiye akazi amasiye asanu ndi awiri azidutsa pakhomo pa mayi a Zozan tsiku ndi tsiku, akuti pakamwa pa Behram paja patimaliza? Ndinadikira mudutse. Ndinawerenga mpaka mazana asanu kuti mutuluke ndithu, kenako ndinakuwa. Eee, ndinakuwa, mphwanga. Koma munali mutakhota kale, mphepo yakutengani. Pobwera ndiye zinandivuta. Ndinadziwa kuti mukupita kunyumba. Ndinaluma mpango mpaka chilonda cha dzino chinatseguka."

Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka chifuwa. Namwino anasuzumira ndi kubwerera. Ine ndinkafuna kutuluka, kukamenyetsa mutu kukhoma, kukagwira a Hamo pakhosi, kukafukula agogo athu onse ndi kuwafunsa amene anayamba kunena zimenezi. Chisoni ndi mkwiyo zinandigwira pamodzi, ndipo sindinkadziwa kuti ndikwiyire ndani.

"Ukawauze kumudzi," anapitiriza. "Amene ankati Behram sangatseke pakamwa ngakhale atamulipira. Ukawauze." Kenako nkhope inasintha, nthabwala inachokamo. Anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira tili ana akaswa chinthu. "Koma chinalipo chambiri kumtunda kuja, eti? Ine sindinkaona, thanthwe linanditchinga. Ndakhala ndikuganiza pano. Chikanagwa, eti, Sidki?"

Achimwene sanamve wezulo ija. Pamene galu ankawafukula anali atakomoka kale, ndipo panalibe amene anawauza. Ndinayang'ana alamu. Iwo sanayang'ane amuna awo, anayang'ana ine, maso ouma, osaphethira.

Ine sindidziwa kunama. Achimwene ankanena okha kuti ndikanama makutu amafiira. Ndinakokera chipewa changa m'makutu.

"Chikanagwa, achimwene."

"Chonse?"

"Phiri lonse. Chinali chitang'ambika kale pamwamba, mng'alu woti munthu n'kulowamo. A boma aja anachita kugwira pakamwa. Anati ngakhale kuyetsemula kokha."

"Anatero?"

"Anatero."

Anatseka maso, mutu n'kubwerera pa pilo. Alamu anawakonzera bulangete pachifuwa.

"Asanu ndi awiri," anatero achimwene patapita kanthawi, maso ali chitsekere. "Achepa. Nkhani yake sikoma. Ukamafotokoza uzinena kuti munalipo makumi atatu."

"Mudzi wathu ulibe amuna makumi atatu."

"Ndiye uwonjezere a kutsidya. Chilichonse ndizichita kukuphunzitsa?"

Anamwalira Lachinayi m'mawa, dzuwa litangotuluka. Msewu unali usanatseguke, ndiye tinawakoka pa chileyi kuchokera pamphambano, mudzi wonse utatsikira kudzatichingamira. Pamaliro anthu a kutsidya anandizungulira, akufuna kumva kwa ine mwini mmene zinayendera, ndipo wina anafunsa kuti pa chingwe paja tinalipo angati. A Hamo anali pomwepo, ndi ena asanu aja, atazolika mitu. Ndinati tinalipo makumi atatu. Palibe amene ananditsutsa.